Digiri ya unamwino ya pa intaneti ku America: mtengo wake weniweni umabisala pati?

Namwino amene akugwira ntchito ku America akangolemba mawu akuti RN to BSN pa Google kamodzi kokha, foni yake siipumanso. Pa Facebook zotsatsa zimangotsatizana. Iyi ikuti mumaliza m'miyezi 12, inayo ikuti palibe yotchipa kuiposa, ina ikulonjeza kuti m'kalasi simudzapondamo. Mukasiya nambala yanu, mawa lake akuimbirani muli pa shifiti. Achibale kumudzi akamva kuti mwana wawo "wayambanso sukulu" amadabwa kuti kodi munthu amene ndi namwino kale akufuniranji digiri ina. Mwini wake naye ali ndi lake funso: pa masukulu onsewa, yotchipa ndi iti?

Funso la achibale n'losavuta kuyankha. La mwini wakelo ndiye lili ndi mfundo, chifukwa nambala imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa chotsatsa nthawi zambiri si imene munthu amadzalipira.

RN ndi chiphaso, BSN ndi maphunziro

Zilembo ziwirizi zimasokoneza anthu chifukwa zimayendera limodzi, koma ndi zinthu zosiyana. RN ndi chidule cha Registered Nurse, ndipo ndi chiphaso chogwirira ntchito. Chimaperekedwa ndi bodi yoona za anamwino ya chigawo chilichonse cha America, chimene kumeneko amachitcha state, munthu akakhoza mayeso otchedwa NCLEX-RN. BSN ndi chidule cha Bachelor of Science in Nursing, digiri ya zaka zinayi ya ku yunivesite.

Kuti munthu akalembe NCLEX-RN, njira zilipo zitatu. Ena amadzera ku dipuloma ya sukulu ya chipatala, ngakhale masukulu otere atsala ochepa. Ambiri amadzera ku ADN, Associate Degree in Nursing, imene imatenga zaka ziwiri kapena kupitirirapo pang'ono ku makoleji a m'madera otchedwa community college. Ena amayamba ndi BSN imene. Onsewa amalemba mayeso amodzimodzi ndipo chiphaso chawo n'chimodzi. Mu wodi simungawasiyanitse ndi maso.

Maphunziro a RN to BSN ndi mlatho wa munthu amene ali ndi chiphaso kale kudzera ku dipuloma kapena ADN, koma akufuna digiri. Anamwino a ku Malawi amaidziwa nkhani yobwerera kusukulu kukakweza maphunziro atagwira kale ntchito. Ganizo lake n'lomwelo, ngakhale magawo a unamwino m'maiko awiriwa safanana ndendende. Pa mlathowu sakuphunzitsaninso kubaya jekeseni kapena kuika diripi. Maphunziro ake amakhudza zaumoyo wa anthu m'dera, utsogoleri ndi kayendetsedwe ka wodi, kuwerenga kafukufuku n'kumugwiritsa ntchito posamalira odwala, masamu a ziwerengero, ndi kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta posunga mbiri ya odwala. Zambiri ndi zowerenga ndi zolemba. N'chifukwa chake zimatheka pa intaneti.

Chinadzutsa njala ya digiriyi

Mu 2003, Linda Aiken ndi anzake a ku University of Pennsylvania anafalitsa kafukufuku amene anachita m'zipatala 168 za m'chigawo cha Pennsylvania. Anapeza kuti chiwerengero cha anamwino a digiri pachipatala chikakwera ndi 10 peresenti, chiopsezo choti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire m'masiku 30 chimatsika ndi pafupifupi 5 peresenti. Mu 2010 bungwe la Institute of Medicine linapereka lipoti lolimbikitsa kuti pofika 2020, anamwino 80 pa 100 alionse akhale ndi digiri. Chiwerengerochi sichinakwane pa nthawi yake, koma zipatala zinamva. Mu December 2017 bwanamkubwa wa New York, Andrew Cuomo, anasainira lamulo lodziwika kuti BSN in 10, lonena kuti namwino watsopano m'chigawocho apeze digiri pasanathe zaka 10 chilandirireni chiphaso. Amene anali kale pa ntchito lamuloli silinawakhudze. Zipatala zimene zimafuna ulemu wotchedwa Magnet, woperekedwa kwa zipatala za unamwino wapamwamba, zimayenera kukhala ndi oyang'anira mawodi a digiri, ndipo amene akufuna kupitirira kukachita masters, mwachitsanzo kuti akhale nurse practitioner, namwino wololedwa kupima odwala ndi kulemba mankhwala, nthawi zambiri amafunsidwa BSN kaye.

Si onse amagwirizana nazo. Oikira kumbuyo makoleji a m'madera amati njira ya ADN ndi imene imatsegulira chitseko anthu osauka, amayi a ana, ndi obwera kuchokera kunja, ndipo ndi imene imapereka anamwino ku zipatala za kumidzi. Amatinso luso la pa bedi la wodwala limabwera ndi zaka za ntchito. Pa malipiro napo palibe lamulo limodzi: zipatala zina zimawonjezera ndalama kwa wa digiri, zina zimawonjezera pang'ono kwambiri, zina ayi ndithu. Munthu asanalipire kobiri n'komwe, ndi bwino afunse ku ofesi yolemba anthu ntchito pachipatala pake kuti digiriyo idzasintha chiyani kwa iyeyo.

Chidindo kaye, mtengo pambuyo

Mawu amene muwamve kawirikawiri ndi akuti accreditation. Ndi kuvomerezedwa kwa sukulu ndi bungwe loima palokha limene lafufuza aphunzitsi, maphunziro ndi kayendetsedwe ka ndalama. Amene anazolowera kufunsa ngati koleji ya ku Malawi ili yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, akumvetsa kale tanthauzo lake. Chosiyana n'chakuti ku America zidindo zofunika ndi ziwiri.

Choyamba ndi cha sukulu yonse. Chimaperekedwa ndi mabungwe monga Higher Learning Commission, SACSCOC kapena Middle States, amene unduna wa zamaphunziro wa dzikolo umawazindikira. Popanda chidindo chimenechi simungalandire thandizo la boma la fizi, ndipo sukulu zina zingakane kuwerengera zimene munaphunzira kumeneko. Chachiwiri ndi cha maphunziro a unamwino enieniwo. Mabungwe odziwika kwambiri ndi CCNE ndi ACEN, ndipo palinso NLN CNEA. Sukulu za masters ndi olemba ntchito ambiri amayang'ana chidindo chachiwirichi.

Musadalire zimene sukulu yalemba pa tsamba lake. CCNE ndi ACEN ali ndi mndandanda wa masukulu pa masamba awo a intaneti, ndipo kufufuza kumatenga mphindi zochepa. Onaninso kuti chovomerezedwacho ndi pulogalamu ya BSN, osati ina ya pasukulu yomweyo.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu January 2023 akuluakulu a boma la America analengeza zotsatira za kafukufuku wawo wotchedwa Operation Nightingale: masukulu atatu a unamwino ku Florida anagulitsa madipuloma abodza oposa 7,600 kwa anthu amene sanaphunzire, pa mtengo wofika madola 15,000 imodzi. Ogulawo ankapita nawo kukalemba NCLEX. Zitaululika, mabodi a m'zigawo anayamba kulanda ziphaso. Nkhani ina ndi ya ITT Technical Institute, imene inalinso ndi maphunziro a unamwino: inatsekedwa mwadzidzidzi mu September 2016, ophunzira n'kutsala ndi ngongole komanso maphunziro amene sukulu zambiri zinakana kuwawerengera. Nkhani ziwirizi n'zosiyana, ina ndi chinyengo, ina ndi kugwa kwa bizinesi. Koma zonse zikusonyeza kuti pepala lotchipa limene silikulandiridwa kwina kulikonse ndi lodula kuposa onse.

Masamu a makirediti

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ku America maphunziro amayezedwa ndi credit, tinene kuti kirediti. Phunziro limodzi la temu imodzi kawirikawiri limakhala makirediti atatu, ndipo digiri yoyamba imafuna makirediti pafupifupi 120. Namwino wa ADN amabwera ali nawo kale ena, nthawi zambiri 60 kapena kupitirira. Masukulu ambiri amawonjezerapo ena chifukwa choti muli ndi chiphaso cha RN. Maphunziro a unamwino a pa mlathowu amakhala makirediti 30 kapena kupitirira pang'ono. Chotsala ndi maphunziro wamba amene digiri iliyonse imafuna, monga kulemba Chingerezi, masamu a ziwerengero, mbiri, kapena sayansi ina. Kusiyana kwa masukulu kumabisala pa chotsalachi.

Aliyense amene anagulako chimanga pamsika amadziwa kuti mtengo wa ndowa sunena zonse. Wina akutchula mtengo wotsika, koma ndowa yake ndi yotifula pansi, ndipo kuti thumba lidzadze pafunika ndowa zambiri. Chimene mukugula ndi thumba. Sukulu nazo zimatsatsa mtengo wa kirediti imodzi, pamene inu mukugula digiri yonse.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamuwo aoneke. Sukulu yoyamba ikuti kirediti imodzi ndi madola 250. Yachiwiri ikuti madola 380. Aliyense angathamangire yoyamba. Koma itaona mapepala anu, yoyamba yakana maphunziro anu ena akale, yati masamu munachita kalekale, yatinso pali maphunziro ake ake amene aliyense ayenera kutenga, ndiye mwatsala ndi makirediti 54. Yachiwiri yalandira zonse, mwatsala ndi 30. Ku yoyamba mulipira madola 13,500. Ku yachiwiri mulipira madola 11,400, ndipo mumaliza msanga ndi miyezi ingapo. Yodulayo yasanduka yotchipa.

Ndiye musanavomere malo, pemphani sukulu iliyonse imene mukuiganizira kuti ione transcript yanu, chikalata chosonyeza maphunziro onse amene munatenga ndi magiredi ake, ikulembereni chimodzichimodzi chimene yalandira ndi chimene chatsala. Zikhale zolembedwa. Mawu a pa foni a munthu amene ntchito yake ndi kukopa ophunzira sangakuthandizeni tsiku limene ofesi yosunga zolemba idzakuuzani zina. Sukulu zambiri zimachita kuunikaku munthu asanalipire fizi, ndipo imene ikukana kutero mpaka mutalembetsa yakuuzani kale kanthu.

Pali njira yochepetsera chotsalacho. Maphunziro wamba mungawatenge ku community college ya kwanu, kumene kirediti imatchipa kwambiri, kenako n'kuwasamutsa. Mayeso a CLEP, amene amayendetsedwa ndi College Board, amalola munthu kupeza makirediti pa phunziro limene akulidziwa kale pongolemba mayeso. Palinso makampani monga Sophia ndi Study.com amene amapereka maphunziro wamba motchipa. Koma funsani kaye ngati sukulu yanu ikuwalandira, chifukwa si zonse zimene zimatero. Dziwaninso kuti pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi chiwerengero cha makirediti amene muyenera kutengera pasukulupo kuti ikupatseni digiri yake, kawirikawiri pafupifupi 30. Simungasamutse zonse.

Pamwamba pa fizi pamabwera timalipiro tina timene sitilembedwa pa chotsatsa: ta ukadaulo wa intaneti pa phunziro lililonse, ta mabuku, ta kampani yoyang'anira mayeso kudzera pa kamera, ta kufufuza mbiri yanu kupolisi, ta katemera, ta mwambo womaliza maphunziro. Kamodzikamodzi timaoneka tating'ono. Funsani chiwerengero chimodzi chokha: kuyambira lero mpaka tsiku lolandira digiri, ndi mapepala angawa, ndilipira zingati zonse pamodzi? Pa mayunivesite a boma funsaninso ngati mtengo umasiyana kwa okhala m'chigawocho ndi a kunja kwake. Ena amasiyanitsa, pamene ena amalipiritsa ophunzira onse a pa intaneti mofanana.

Kulipira phunziro kapena kulipira nthawi

Masukulu ambiri, kuphatikizapo mayunivesite a boma amene ali ndi mapulogalamu aakulu a pa intaneti monga University of Texas at Arlington ndi Ohio University, amalipiritsa malinga ndi maphunziro amene mwatenga. Mukatenga awiri mulipira awiri. Maphunziro ake amakhala ofupikitsidwa, a masabata ochepa, ndipo ali ndi masiku oikika operekera ntchito.

Palinso kachitidwe kena. Western Governors University, imene inakhazikitsidwa mu 1997 ndipo likulu lake lili ku Utah, imalipiritsa mtengo umodzi pa temu ya miyezi isanu ndi umodzi. M'miyezi imeneyo mungamalize maphunziro ochuluka monga mungathere. Mukasonyeza kuti phunziro mwalidziwa, mumapita ku lotsatira osadikira anzanu. Capella University nayo ili ndi njira yofanana nayo yotchedwa FlexPath, yolipira pa masabata 12 alionse. Zili ngati bandulo ya intaneti ya pa mwezi: mwaigwiritsa ntchito kapena ayi, tsiku likakwana yatha.

Tiyerekezenso. Ngati temu ndi madola 4,000 ndipo mwamaliza m'matemu awiri, mwalipira 8,000. Mwana akadwala, kuntchito akakuwonjezerani mashifiti, kumudzi kukagwa maliro ofuna kuti mukwere ndege, matemu aja n'kukhala anayi, mwalipira 16,000 pa digiri yomweyo. Kachitidweka kamakomera munthu wodziletsa amene ali ndi nthawi yodziwika, ndipo kamapweteka amene amafuna mphunzitsi womukumbutsa tsiku lomaliza. Palibe njira yoposa inzake mwa iyo yokha. Namwino wa mashifiti atatu a maola 12 pa sabata, amenenso amatumiza ndalama kwawo mwezi ndi mwezi, akudziwa yekha maola amene amatsala akagona. Awerengere amenewo, osati amene akulakalaka atakhala nawo.

Ndalama zimene sizichoka m'thumba mwanu

Anamwino ambiri amayamba kufufuza pa intaneti, chonsecho poyambira pabwino ndi pachipatala pawo pomwepo. Zipatala zambiri zimalipirira antchito awo gawo la fizi. Lamulo la msonkho la America limalola wolemba ntchito kupereka mpaka madola 5,250 pa chaka a maphunziro popanda wantchitoyo kudulidwa msonkho pa ndalamazo, ndipo n'chifukwa chake nambala imeneyi imapezeka m'malamulo a zipatala zambiri. Ikuwerengedwa pa chaka. Munthu amene wayala maphunziro ake m'zaka ziwiri angalandire kawiri, pamene wothamanga kuti amalize m'miyezi isanu ndi itatu ya chaka chimodzi alandira kamodzi. Apa kufulumira kungathe kukudyerani ndalama. Zipatala zina zilinso ndi mgwirizano ndi masukulu ena wochotsera antchito awo mtengo.

Thandizo limeneli lili ndi chingwe chake. Kawirikawiri mumasainira kuti mukhalabe pachipatalapo kwa nthawi yakutiyakuti mukamaliza, ndipo mukachoka msanga mubweza. Zina zimakubwezerani ndalama pokhapokha mutakhoza ndi giredi inayake, kutanthauza kuti mumayamba mwalipira nokha. Werengani pepalalo lonse musanasaine.

Ku boma, khomo ndi fomu yotchedwa FAFSA, imene nzika za America ndi ena ololedwa, monga a green card, amadzaza kwaulere. Kudzera pamenepo pali Pell Grant, thandizo losabweza la anthu opeza zochepa, limene m'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 linkafika madola 7,395. Koma Pell ndi ya anthu amene alibe digiri yoyamba, ndipo digiri yochokera kunja kwa America nayo imawerengedwa. Namwino wolandira malipiro athunthu angapezekenso kuti ndalama zake zapitirira malire. Ngongole za boma zilipo, ndipo amene amagwira ntchito m'chipatala cha boma kapena chosachita phindu angakhululukidwe yotsala atabweza mwezi ndi mwezi kokwana ka 120 kudzera mu dongosolo la Public Service Loan Forgiveness. Dongosolo lina la Nurse Corps limalipira 60 peresenti ya ngongole ya maphunziro a unamwino kwa amene wavomera kugwira zaka ziwiri pamalo osowa anamwino, koma ofunsira amachuluka kuposa malo. Ngongole za mabanki wamba zilibe chitetezo chotere, ndipo chiwongoladzanja chake sichidikira kuti mupume.

"Pa intaneti" ili ndi malire ake

Ngakhale zotsatsa zimati zonse n'za pa kompyuta, mapulogalamu ovomerezeka amakhala ndi gawo lochita ndi manja. Nthawi zambiri ndi ntchito ya zaumoyo m'dera lanu, kapena kutsatira woyang'anira wodi n'kulemba lipoti. Funsani kuti ndi maola angati, ndani amene amapeza malowo ndi munthu wokuyang'anirani, komanso ngati mungachitire pachipatala panu. Kufunafuna nokha woyang'anira kungakuchedwetseni temu yathunthu, ndipo taona kale mtengo wa temu.

Chigawo chimene mukukhala nachonso chili ndi mawu. Sukulu iyenera kukhala ndi chilolezo chophunzitsa anthu a m'chigawo chanu. Zigawo zambiri zili mu mgwirizano wotchedwa SARA umene umafewetsa zimenezi, koma California sili m'menemo, ndipo mabodi a anamwino ena ali ndi malamulo awoawo pa gawo lochita ndi manja. Ngati mukuganiza zosamuka muli pakati pa maphunziro, iuzeni sukulu musanapakire katundu.

Kwa amene anaphunzira unamwino kunja kwa America

Namwino amene ali ku Lilongwe, Chipata kapena Tete akaona zotsatsazi angaganize kuti yapezeka njira yachidule yolowera ku America. Pafupifupi mapulogalamu onse a RN to BSN amafuna kuti mukhale kale ndi chiphaso cha RN cha ku America chimene chikugwira ntchito. Digiriyi siipereka chiphaso, siilowa m'malo mwa NCLEX-RN, ndipo maphunziro a pa intaneti okhaokha sapereka viza ya ophunzira ya F-1. Chiphaso cha Nurses and Midwives Council of Malawi chimakulolani kugwira ntchito ku Malawi. Kuti mufike pa RN wa ku America, mapepala anu amayamba aunikidwa, kawirikawiri ndi bungwe la CGFNS, limene tsopano likutchedwa TruMerit, kenako bodi ya chigawo ndi imene imakulolani kulemba mayeso.

Amene anafika kale kumeneko n'kupeza RN ayambe ndi funso lina: kodi digiri ndikuifunadi, kapena ndili nayo kale? Munthu amene anamaliza digiri ya zaka zinayi ku Kamuzu College of Nursing, imene mu 2021 inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences, kapena ku Mzuzu University, akhoza kupeza kuti bungwe lounika mapepala monga WES kapena ECE laiyesa yofanana ndi digiri ya ku America. Zikatero, chotsala ndi kufunsa chipatala kapena sukulu ya masters ngati ikulandira chikalata chimenecho, chifukwa chigamulo chomaliza ndi chawo. Amene anabwera ndi dipuloma apemphe kuunika kwa phunziro lililonse palokha, osati kwa satifiketi yonse pamodzi, popeza ndi kumene sukulu imawerengera makirediti. Transcript imayenera kuchoka ku koleji yanu yakale kupita mwachindunji ku bungwe lounikalo, osadzera m'manja mwanu, ndipo zimenezi zimatha kutenga miyezi. Yambani kuitanitsa mapepalawo musanasankhe tsiku loyamba sukulu.